Mayi Ethel, Wotchinga Machimo a Anthu ndi Nyimbo

Kunthambi ina ya Akatolika kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka, kulibe kachipinda kolapiramo machimo. Tchalitchi chake ndi chipinda chimodzi basi, chaching'ono moti ukayetsemula pakhomo, wa kuguwa amakuuza pepani. Ndiye wansembe akabwera kuchokera ku parishi, zimene zimachitika mwa apo ndi apo, amamuikira mpando pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa tchalitchicho. Olapa amafola chapatali, mitu ili pansi, aliyense akusanja mumtima zoti akanene ndi zoti asiye. Kwa zaka zambiri, pakati pa mzerewo ndi mpando wa wansembe pankaima mayi wina wamfupi, wa khosi lalikulu, atafulatira wansembe, akuimba ndi mphamvu zake zonse. Amenewo anali Mayi Ethel.

Ntchito imeneyi simungaipeze m'buku lililonse la Mpingo. Inabadwa chifukwa cha makutu a wansembe wina wokalamba amene ankabwera kale, makutu amene anapuma pantchito mwini wake asanapume. Munthu ankagwada n'kuyamba kunong'ona monga mwa mwambo, mkuluyo n'kumati, "Kwezani mawu, mwana wanga." Munthu n'kukweza. Tsiku lina mzere wonse unamva wansembe akufunsa, "Mwati mbuzi ya ndani?" ndipo wolapayo, pofunitsitsa chikhululukiro, anatchula dzina. Mwini mbuziyo anali pamzere pomwepo, korona ili m'manja. Zimene zinachitika pambuyo pake zinafunikanso kulapa kwina.

Akatekisiti anaganiza zomanga khoma, koma njerwa panalibe. Kenako anakumbukira kuti m'kwaya muli mayi amene akangoyambitsa nyimbo, makanda onse a kumbuyo amadzuka. Anawaimika pakati paja, ndipo kuyambira pamenepo tchimo la munthu silinadumphenso kupita pamzere. Wansembe wogontha uja anapita, kunabwera ena a makutu abwinobwino, koma anthu anali atazolowera. Popanda mawu a Mayi Ethel panalibe wogwada. Amene ankadziwa kuti wasenza katundu wolemera ankadutsa pafupi nawo n'kuwanong'oneza, "Lero mukwezeko, mayi."

Koma munthu ndi munthu. Omwewo amene ankawadalira ndi amenenso ankawakayikira. Kodi munthu angaime pafupi chotero zaka zonsezi osatolako kanthu? Pamjigo amayi ankawapatsa moni wopyola muyeso, ena kuwachotsera ndowa zawo kuti atunge msanga, ndipo Mayi Ethel akangomuyang'ana munthu motalikitsa pang'ono, munthuyo tulo sankatiwona. Zoona zake n'zakuti sankamva kalikonse. Ukamaimba mokweza, mutu umadzaza ndi mawu ako omwe, ndipo zimene zinkawafika kuchokera kumpando kuja kunali kung'ung'udza chabe, kopanda mutu. Ankasankha nyimbo za mizere italiitali, ndipo anadziphunzitsa kukoka mpweya msangamsanga kuti pasakhale mpata woti liwu la munthu lidutsepo. Luso limeneli ankalinyadira, ngakhale kuti olikhulupirira anali ochepa.

Kukayikiridwa sikunali kwachilendo kwa iwo. Anabadwira ku Nselema, m'boma la Machinga, m'banja la Chisilamu, ndipo dzina lawo loyamba linali Husna. Mawu awowo anakulira m'maukwati ndi m'magule a Chisilamu a sikiri kwawoko. Kenako kunabwera Ambrose, mlimi wa thonje wa ku Rivirivi, kudzagula mpunga pamsika, n'kubwerera ndi mpunga ndi mtima wa wogulitsa womwe. Husna atabatizidwa n'kukhala Ethel, bambo awo anati alibe mwana wa dzina limenelo, ndipo anaumirira mawu amenewo mpaka kumanda. Ku Rivirivi nakonso alamu awo ankawaikira mbewa m'mbale mwadala, n'kumayang'ana chammbali kuti aone ngati Chisilamu chachokadi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwo anavumbwa mokwanira.

Wa kwawo amene sanawataye anali mmodzi yekha, mng'ono wawo Sakina. Iyeyu ankakwera minibasi, kuwoloka Shire pa Liwonde, kufika ndi kathumba ka mpunga pamutu, n'kuswali pamkeka m'chipinda chimene munapachikidwa mtanda, osadandaula. Mayi Ethel sanadalitsidwe ndi mwana. Ambrose atamwalira, Sakina ndi amene ananena kuti mkulu wake sangamagone yekha m'nyumba, ndipo anatumiza mwana wake Abdulrahim kuti azikhala nawo uku akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa midzi ndi tawuni ya Balaka.

"Ndi wanu uyu, achemwali," anatero Sakina tsiku lomusiya. "Ine ndinangobereka."

Mayi Ethel anagula mapoto atsopano, nkhuku n'kumakazingitsa kwa Msilamu wa kutsidya kwa msewu kuti mwana adye ndi mtima umodzi. Lamulungu lililonse mnyamatayo ankawanyamula panjinga mpaka pakhomo la tchalitchi, akuwaseka kuti amaimba ngati akukangana ndi Mulungu. Anamukonda mwanayo mopanda manyazi, ndipo pamjigo anthu anatopa nazo nkhani za Abdulrahim.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china Lenti itangoyamba, amayi opita kumadimba m'mawa anamupeza Abdulrahim m'bango m'mbali mwa Rivirivi, atamenyedwa ndi chitsulo kunkhongo. Njinga panalibe. Apolisi atamaliza zawo, achibale anabwera ndi galimoto kudzamutenga kukamuika ku Nselema monga mwa Chisilamu. Pamaliro onsewo Sakina sanawanene achemwali ake liwu loipa ngakhale limodzi, ndipo zimenezo zinawapweteka Mayi Ethel kuposa kutukwanidwa.

Munthu womaliza kuoneka atakwera njingayo madzulo ake anali Jimu, wogayitsa pachigayo cha pamphambano, Mkatolika wopemphera m'kagulu kamodzi ka mphakati ndi Mayi Ethel. Jimu anali atakhala m'phokoso la injini kuyambira unyamata wake, moti makutu ake anafooka, ndipo ankalankhula mokuwa ngakhale popereka moni. Apolisi anamutenga, anamusunga masiku angapo, kenako anamutulutsa. Iye ankati anatsika pachigayo, mnyamatayo n'kupitirira yekha, ndipo panalibe woti amutsutse. Koma mudzi suweruza ngati khoti. Atabwera kudzapepesa maliro, anthu anati wabwera kudzamva zimene tikudziwa. Atasiya kubwera, anati chikumbumtima chamugwira. Atagula nsapato zatsopano, mudzi wonse unayang'ana nsapato. Nawonso Mayi Ethel ankakhala kumbuyo kwake m'tchalitchi n'kumamuwerenga kuyambira kunkhongo mpaka kuchidendene. Sankapezapo kanthu, komanso sankasiya kufunafuna.

Pasaka atayandikira, akatekisiti analengeza kuti Bambo Elliam, wansembe wachinyamata wa ku parishi, abwera Loweruka kudzamva kulapa. Anthu akutuluka, Jimu, amene anali atatha zaka osagwadako pansi pa bwemba, anapita kwa akatekisiti kukafunsa kuti kulapako kuyamba nthawi yanji. Iye ankaganiza kuti akunong'ona. Sabata isanafike pakati, nkhaniyo inali itawoloka kale Shire.

Lachinayi masana Sakina anatulukira, akuti wabwera kudzatenga zovala za mwana. Anakhala awiri pamkeka m'chipinda cha malemuyo, akupinda. Sakina anatenga malaya amodzi, kuwapinda, kuwafunyulula, kuwapindanso.

"A Husna," anatero. Dzina limeneli ankalitulutsa pokhapokha akafuna chinthu chachikulu. "Ndamva kuti munthu uja akukalapa."

"Okalapa ndi ambiri."

"Ndamvanso kuti satha kulankhula chapansipansi."

Mayi Ethel anapitiriza kupinda buluku, maso ali pansi.

"Sindikuti musiye kuimba, iyayi," anatero Sakina. "Mungotsitsako pang'ono. Adziwa ndani? Mmero ndi wanu."

"Iwe Sakina, zimene munthu wanena pamtengo paja wanena kwa Mulungu."

"Allah akudziwa kale, safunika kuuzidwa. Amene sakudziwa ndine." Mawu a Sakina anali ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkaopsa. "Wansembe wanuyo amva zonse, amudalitsa, akwera galimoto n'kumapita kukadya nkhomaliro. Kumsika kwathu anthu akuti Akatolika akubisana. Ine ndimawatsutsa, ndimati achemwali anga ali komweko, sangalole. Pawailesi anati kumayiko ena akufuna kuti ansembe aziulula zoterezi kupolisi. Kuno lamulo limenelo kulibe. Kuno kuli inu."

"Nanga ndikamva kuti si iyeyo?"

"Ndisiya kudana ndi munthu wosalakwa. Kusadziwa kukundidya, achemwali. Ndikatseka maso ndimaona nkhope za amuna onse a mudzi uno, aliyense atagwira chitsulo." Anaika malaya aja pamwamba pa zovala zina, n'kuwasalaza ndi chikhatho. "Mwana ndinakupatsani wamoyo. Atabwerera mu sanda sindinakufunseni kanthu. Lero ndapempha."

Mayi Ethel anaona bwino lomwe chimene chinali pamkekapo. Akakana, ataya munthu yekhayo padziko lapansi amene ankawadziwa kuyambira ali Husna. Akavomera, ndiye kuti zonse zimene anthu ankawanena chammbali zaka zonsezi zasanduka zoona. Sanayankhe, ndipo Sakina anamasulira kukhala chete kumeneko mmene iye ankafunira.

Loweruka m'mawa Mayi Ethel anafika msanga, n'kusenza okha mpando wa wansembe kupita nawo pabwemba, ntchito imene sinali yawo. Bambo Elliam anawatsata atanyamula kansalu kawo kofiirira ka m'khosi.

"Bambo, ndifunseko za munthu wina," anayamba motero, akupukuta mpando umene unali wopukuta kale. "Munthu atalapa kuti anapha mnzake, inu mumatani?"

Wansembeyo anawayang'ana kwa kanthawi. Za maliro aja ankazidziwa, ndipo potsika galimoto anali atamuona Sakina, mayi wa mpango wakuda, ataima kutsidya kwa msewu.

"Ndimamuuza kuti kulapa kopanda kukonza n'kosakwanira, kuti apite yekha akadzipereke," anayankha. "Ndimamuchonderera ndi mawu onse amene ndili nawo. Koma pakamwa panga sipatuluka kanthu. Kaya afunse wapolisi, kaya woweruza, kaya anditsekere ineyo."

"Ngakhale mayi wa mwanayo akufa ndi chisoni?"

"Ngakhale choncho, mayi, ndipo sindikunena kuti n'zopepuka. Tsiku limene anthu adzadziwe kuti pansi pa mtengo uno pali khutu lachitatu, wakupha sadzabweranso, ndipo sipadzakhala woti amuuze kuti kadzipereke. Khutu limenelo mukalilola pano, mawa likakhala kumzikiti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Anasuntha mpando pang'ono kuti ulowe mumthunzi. "Ndipo lamuloli si la wansembe yekha. Aliyense amene wamva, kaya mwangozi, lamumanga mpaka imfa. Mukudziwa zimenezi, eti?"

"Ndikudziwa, Bambo."

"Mmero uli bwino lero?"

"Uli bwino."

Mayi Ethel anapita pamalo pawo mtima ukutentha. N'kosavuta kulankhula za malamulo munthu amene sanachapepo malaya a mwana wakufa. Koma pansi pa mkwiyowo panali manyazi. Zaka zonsezi panalibe wansembe amene anawafunsapo za mmero, ndipo mnyamata uyu, woti akanatha kumubereka, anali atawaona mpaka m'mimba.

Mzere unali wautali tsiku limenelo, ndipo Jimu anaima kumapeto kwenikweni, atasamba, m'nsidze mulibe ufa, nsapato zija zili kuphazi. Amene anali patsogolo pake anasiya mpata woti ngolo n'kudutsa. Mayi Ethel anayamba kuimba. Anthu ankagwada, kudzuka, kupita, koma kupita kwake kunali kokathera kutsogolo kwa tchalitchi. Wina anayamba kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke. Amayi ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti pabwalo pakufunika kusesa. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la kagolosale kotseka, Sakina anaimabe, mtolo wa zovala za mwana wake uli m'manja.

Dzuwa litafika pamutu, mzere unatha, n'kutsala Jimu. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo podutsa pafupi ndi Mayi Ethel anawerama, osawayang'ana kumaso. "Mukwezeko, mayi," anatero, m'mawu ake aja osadziwa kubisala.

Mayi Ethel anadzifunsa mumtima. Amuna angati anawauzapo mawu omwewa, chonsecho nkhani yake ili ya mowa kapena ya mkazi wa mwini? Nanga uyu? Anasankha nyimbo yolemera kuposa zonse, ya masautso a Ambuye, n'kuikweza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kumbuyo kwawo kung'ung'udza kuja kunayamba, kokulirapo kuposa kwa ena onse. Ankadziwa kuti mawu a Jimu ali pomwepo, kuseri kwa mawu awo, ngati munthu amene waima kuseri kwa chitseko. Anamaliza ndime yoyamba. Anamaliza yachiwiri. Sakina sanagwedezeke, sanakodole, sanachite kalikonse koma kuyang'ana.

Ndime yachitatu ili pafupi kuyamba, pamsewu paja panadutsa njinga yamoto, mnyamata wa kabaza atanyamula mayi wina wachikulire amene anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Mayi Ethel anakoka mpweya monga ankachitira nthawi zonse. Mpweya unalowa, koma mawu sanatuluke.

Panagwa bata loti njiwa ya mumtengo inamveka. Ndipo m'batamo munagwera mawu a Jimu, omveka bwinobwino kwa munthu amene anaima pafupi: "Ndiye tsiku limene lija, Bambo, ine..."

"Imani kaye," anatero Bambo Elliam msanga, atakweza dzanja.

Jimu anatembenuka ali chigwadire. Anayang'ana Mayi Ethel, amene kukamwa kwawo kunali kotsekula koma kopanda nyimbo. Anayang'ana gulu la kutsogolo kwa tchalitchi, tsache lililonse litaima. Kenako maso ake anawoloka msewu n'kupeza mayi wa mpango wakuda. Sanaoneke wokwiya. Anaoneka ngati munthu amene wavulidwa pakati pa msika. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, ndipo wansembe akumuitana ndi dzina, iye analowa m'munda wa thonje osacheuka. Lolemba chigayo chinatsekulidwa ndi munthu wina. Ena anati anamuona Jimu akulowera kumalire a dziko ku Nayuchi, ena anati ali ku Joni. Amene ankamuganizira anati mwaona, wathawa. Ena ochepa anati ngakhale wosalakwa angathawe mudzi umene ndi pogwada pomwe amakutchera msampha.

Kodi Mayi Ethel anasiya dala? Aliyense ku Rivirivi ali ndi yankho lake, ndipo amene amanena motsimikiza kwambiri ndi amene anali kutali kwambiri. Eni akewo sadziwa. Masiku ena amalumbira mumtima kuti mmero unangotsekeka ndi chisoni poona njinga ija. Masiku ena amakumbukira kuti m'kanthawi kameneko khutu lawo linali litatembenukira kale kumbuyo, likudikira, ndipo amachita mantha ndi iwo eni. Iwo amati batalo linali la mpweya umodzi. Amayi osesa aja amati munthu akanatha kupemphera Atate Athu yense.

Mayi Ethel atafika kunyumba masana omwewo, anapeza Sakina atakhala pakhonde, mtolo uli pamiyendo.

"Wati chiyani?" anafunsa Sakina, iwo asanakhale n'komwe.

"Sindinamve kanthu. Wansembe anamuletsa."

"Munthu wa mawu ngati amene aja? Ine kutsidya kwa msewu ndinamva kuti akulankhula. Inu muli pamphuno pake, olo liwu limodzi?"

Apa ndi pamene Mayi Ethel anadzipweteka okha, chifukwa bodza sankalitha. Mawu ochepa aja anali nawo, ndipo anawalemera pakamwa. Tsiku limene lija, tsiku liti? Likhoza kukhala tsiku la mwana wawo. Likhozanso kukhala tsiku limene Jimu anatapa ufa wa munthu, kapena limene analowa m'nyumba yosayenera. Akawanena, Sakina awatenga ngati umboni wonse n'kupita nawo kupolisi ndi kumsika. Komanso anali mawu a munthu wogwada, ndipo iwo anali atamangidwa nawo. Anazengereza, pang'ono pokha, ndipo Sakina anakuona kuzengerezako.

"Palibe chimene ndinganene," anatero pomaliza.

"Simunamve, kapena simunganene?"

Mayi Ethel anayang'ana pansi. Sakina anadzuka, anasenza mtolo wake, napita kukadikira minibasi, mpunga umene achemwali ake anamuphikira uli chivundikirire.

Kutchalitchi panalibe amene anawadzudzula poyera. Bambo Elliam sanatchulepo za tsikulo, ngakhale kwa iwo, ndipo moni wawo sunasinthe. Koma Pasaka atangopita, akatekisiti anabwera kunyumba, anakhala pampando, anayamikira nkhuku, anafunsa za thonje, kenako n'kunena kuti akuluakulu a mpingo aona kuti mayi atopa, ayenera kupuma. Achinyamata anali atasonkherana n'kugula kabokosi koimba nyimbo kotchaja ndi dzuwa. Kabokosi sikakoka mpweya, ndipo kalibe mng'ono wake. Pamjigo moni wopyola muyeso uja unatha. Amene ankawaopa poganiza kuti amamva mwangozi tsopano ankawaopa poganiza kuti amamvetsera, ndipo mantha achiwiriwa alibe ulemu.

Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali kabokosi. Chinali chakuti Jimu anabwera yekha, ndi miyendo yake, palibe amene anamukoka. Akanakhala kuti ndi iyeyo, n'kumaliza kulankhula, mwina wansembe akanamufewetsa mtima, mwina Lolemba lake akanapita kupolisi m'malo mopita ku Nayuchi, ndipo Sakina akanadziwa zonse popanda wina kuba mawu a mnzake. Akanakhala kuti si iyeyo, ndiye kuti anathamangitsa munthu wosalakwa pamudzi pake ndi pamaso pa Mulungu wake. Mbali zonse ziwiri, njira imodzi yokha imene choonadi chikanadzera anaitseka ndi iwo.

Kenako uthenga unabwera pafoni kudzera kwa mdzukulu wina kuti ku Nselema kuli sadaka ya arubaini, mwambo wokumbukira malemu pakatha masiku makumi anayi. Sakina sanaimbe yekha, koma Mayi Ethel anati kuitana n'kuitana, chibale ndi fupa sichiola. Anagwira tambala wamkulu pa onse, anakwera minibasi m'mamawa, nawoloka Shire.

Atafika anapeza anthu adzaza kale. Kutsogolo kwa nyumba amuna anakhala ndi ashehe akuwerenga mapemphero a duwa, ndipo amayi ochokera m'midzi ina anali pamikeka pansi pa mtengo wa mango. Mayi Ethel sanaime kumeneko. Pasadaka, mwini maliro sakhala pamkeka. Malo a abale ndi kuseri, kumafuwa, kumene kuli utsi ndi ntchito. Anazungulira nyumba, anapereka tambala kwa mwamuna woti akazinge, anamanga chitenje m'chiuno, natola mthiko kuti avundule mpunga mumphika waukulu. Amayi a pabanjapo anasiya kulankhula.

Sakina anatuluka m'khitchini, maso ali ofiira ndi utsi. Anali ataonda. Anabwera pafupi, nagwira mthiko womwewo cha kumunsi kwa dzanja la mkulu wake, osaukoka.

"Mwayenda bwanji, achemwali?"

"Ndayenda bwino. Kaya iwe, wakhala bwanji?"

"Alhamdulillah." Anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndaganiza kwambiri masiku onsewa. Mwina simunamvedi kanthu kothandiza. Ndavomera. Sindikufunsaninso zimene ananena. Ndikufunsani chinthu chimodzi chokha, ndipo mundiyankhe monga mwana wa mayi anga. Wansembe uja akanapanda kumuletsa, iye n'kumaliza, inu n'kumva kuti ndi iyeyo anapha Abdulrahim, mukanandiuza?"

Mayi Ethel ankafunitsitsa kunena kuti inde. Liwulo linali laling'ono, laulere, ndipo panalibe amene akanadzawayesa nalo, popeza Jimu anali atapita. Likanawabwezera mng'ono wawo pomwepo, pafupi ndi moto, mthiko uli m'manja. Anayang'ana nkhope imene ankaisambitsa ili yaing'ono, nafufuza mumtima mwawo moona, ndipo inde sanamupezemo. Iyayi nayenso sanathe kumutulutsa. Misozi inangotsika.

Sakina anadikira nthawi yokwanira. Kenako anakoka mthiko uja pang'onopang'ono, ndipo Mayi Ethel anausiya.

"Ilham," anaitana mpongozi wake amene ankatsuka mbale, "aperekeze alendowa kutsogolo, uwapezere malo pamkeka. Achokera kutali."

Anawakhazika pansi pa mango, pakati pa amayi osawadziwa. Anawabweretsera madzi osamba m'manja, wowathirirayo atagwada mwaulemu wonse, kenako mbale ya mpunga ndi nyama. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali pawo anawasunthira kuti akhale bwino, nayang'ana korona imene inkaonekera m'khosi mwawo.

"Inu si a kuno," anatero mayiyo mokoma mtima. "Malemuwa munkawadziwa?"

Mayi Ethel anayang'ana kuseri kwa nyumba kumene utsi unkakwera.

"Ndinkamudziwa," anayankha.